Azakhali Anga Sankadya Nsomba

Loweruka lapitali tinali ku Kapondo ku mwambo wa chiliza cha azakhali anga, aNambewe, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Atachotsa nsalu pamwalapo anthu anaomba m'manja. Panali chithunzi cha azakhali ali m'boti, atavala chijekete chofiira choyandamitsa munthu pamadzi, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa, moti wosawadziwa angati akumwetulira. Mwana wawo Filipo, amene amagwira ntchito kubanki ku Lilongwe, anaimirira nakonza tayi.

"Mayi anga ndinawasangalatsa akadali moyo," anatero. "Ndinawatengera kutchuthi ku nyanja yamchere, ku Mozambiki. Tinachita hayala boti, n'kukawedza nsomba zikuluzikulu pakati penipeni pa nyanja. Kuno ku Kapondo ndi mayi uti anakwerapo boti lotere?"

Azimayi analulutira. Ine ndinali m'botimo tsiku limenelo, ndipo ndikunenetsa kuti palibe anasangalala.

Anthu akudya, ndinamupeza Filipo kuseri kwa galimoto yake. Ndi msuweni wanga, tinakulira limodzi, choncho sindinazungulire.

"Iwe Filipo, pa zithunzi zonse za mayi ako, wasankha chimenechi? Ndiye n'kuimanso pamaso pa anthu kumanama?"

Anayang'ana pansi, n'kumaseweretsa makiyi. "Rozina, ndafufuza m'nyumba monse," anatero. "Chokhachi n'chimene sakuoneka okwiya."

Pamenepo pokha ananena zoona. Koma bodza lija lakhomedwa pamwala, ndipo ana obadwa mawa adzaliwerenga. N'chifukwa chake ndikulemba izi.

ANambewe anali mlongo wamkulu wa bambo anga. Anali aafupi, ouma thupi, koma akalankhula kumsika, a kuchigayo ankamva. Ankalima mtedza ndi chimanga, ndipo akakolola ankadumpha malire kukapikula zitenje ku Chipata. Anakanganapo ndi aliyense: mavenda ogula mtedza, makondakitala a minibasi, azimayi anzawo a kumphakati, ngakhale bambo anga amene ankawakonda kuposa munthu wina aliyense. Ankati munthu wolankhula nawe mofewa kwambiri uzimuyang'ana m'manja. Mawu akuti pepani ankadana nawo. Ukawapepesa ankakufunsa kuti tsono akonza chiyani mawu akowo. Kuyamikira mwana sankadziwa. Filipo akabwera ndi mayeso atakhoza bwino, iwo ankaloza pamene walakwa. Sindikufuna kuwapaka mafuta chifukwa choti anamwalira. Anali munthu wovuta kukhala naye nyumba imodzi.

Ndipo nsomba sankadya. Kaya chambo, kaya usipa, kaya matemba a mu Bua, kaya kapenta wochokera ku Zambia, pakamwa pawo sizinkafika, ndipo mumphika wawo sizinkalowa. Pa ukwati wina wa pachibale anawaikira nsomba m'mbale mosadziwa. Sanakankhe mbaleyo mwakachetechete ngati mmene ena akanachitira. Anaimirira, n'kufunsa kuti wawagawira ndani, ndipo anapita kwawo keke asanadulidwe.

Chifukwa chake chinali amuna awo, aSitefano. Ine ndimangowakumbukira pang'ono: munthu wamtali, woseka msanga, wokonda bawo. Fodya atawagwetsa zaka ziwiri zotsatizana, anapita ku Joni kukasaka ganyu. Kumeneko anapeza ntchito yosamalira maluwa kwa bwana wina amene anali ndi maboti ku Inyasoro, m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mozambiki. Mabotiwo sanali a asodzi ofuna ndiwo. Ankachitidwa hayala ndi alendo olemera obwera kutchuthi, ofuna kukalimbana ndi nsomba zikuluzikulu mongosewera, kuzijambula, mwina n'kuzibwezeranso m'madzi. Bwanayo ataona kuti aSitefano ndi amphamvu, anawatenga kuti azikagwira ntchito m'boti. Munthu wa ku Kapondo, amene madzi akuya kwambiri omwe anawolokapo anali a dambo nthawi ya dzinja. Kusambira sankadziwa. Palibe anawafunsa.

Uthenga unabwera ndi aMwale a ku Chiosya, amene ankaphika pamalo ogona alendowo. Anafika ndi chikwama cha aSitefano, n'kukhala pansi kufotokoza. Anati nsomba yaikulu ikakodwa, mlendo amakhala pampando womangidwa kumbuyo kwa boti, atamangidwa lamba, n'kumapota chingwe. Kumapeto kwa chingwecho kumakhala waya. Nsomba ikayandikira, wantchito ndi amene amaweramira kumadzi, n'kugwira wayayo ndi dzanja, kumukulunga, kuti aikokere pafupi alendo ajambule. Tsiku limenelo nsomba inali isanatope. Inatembenuka n'kulowa pansi, waya atakulungidwa padzanja la aSitefano. A m'botimo anangomva phuvu. Thupi silinapezeke.

Azakhali anamvetsera osagwetsa msozi. Kenako anafunsa kuti anawafunafuna mpaka liti. AMwale anati mpaka dzuwa litapendeka. Anafunsanso kuti nanga mawa lake. AMwale anazengereza, koma azakhali sanali munthu womubisira kanthu. Anaulula kuti mawa lake boti linapitanso kukawedza ndi alendo omwewo, chifukwa tchuthi chawo chinali chisanathe.

Mawu amenewo ndi amene azakhali anakhala nawo moyo wawo wonse. Imfa yeniyeniyo mwina akanailandira. Koma zoti mawa lake anthu anadzuka, n'kudya chakudya cham'mawa, n'kudzola mafuta oteteza kudzuwa, n'kukaponya mbedza pamadzi omwewo, zimenezo sanazimeze. Ankazibwereza akupalira, akusenda mtedza, ngakhale pakati pa nkhani ina yosakhudzana nazo.

Akuchimuna anafuna kuti maliro achitike, aike thunthu la nthochi m'bokosi m'malo mwa thupi, kuti nkhani ithe. Azakhali anakana. Anawauza kuti iwo sanakwatiwe ndi nthochi, ndipo wofuna kulira nthochi akailire kudimba kwake. Akatekisiti anabwera kudzawatonthoza kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Azakhali anawafunsa ngati ndi Mulungu amene anachita hayala boti. Kuyambira pamenepo akatekisitiwo akawaona ankalambalala. Misa azakhali anapempheretsa ku parishi ya Guilleme, ndipo chaka chilichonse ankapempheretsa ina, koma manda sanalole kuti akumbidwe.

Chimene anachita m'malo mwake n'chimene ife ana tinawadera kwambiri. Chilimwe chimenecho anatisonkhanitsa tonse a pabanja, anyamata ndi atsikana, n'kutitengera ku damu lomwetsera ng'ombe. Anamanga aliyense chingwe m'chiuno, mmodzimmodzi, n'kumukankhira m'madzi. Iwo eni kusambira sankadziwa. Ankaima pamtunda, chingwe kudzanja lina, kamtengo kudzanja lina, n'kumakuwa kuti timenye miyendo. Ukalira ankakubwezeramo. Mayi anga anakangana nawo mpaka mwezi osalankhulana, koma pofika mvula yoyamba tonse tinkawoloka damulo. Filipo ndi amene ankamukankhira pakati kwambiri, ndipo ndi amene anamwa madzi ambiri a ndowe za ng'ombe.

Filipoyo anakula, anaphunzira ndi mtedza wa mayi ake, n'kupeza ntchito yabwino. Zaka zingapo zapitazo anabwera kumudzi, ndipo ali pakati pocheza anangotchula kuti iye ndi anzake awiri akupita kutchuthi ku Inyasoro, achita kale hayala boti lokawedzera nsomba zikuluzikulu. Ndinalipo. Ndinaona azakhali akuika pansi lichero pang'onopang'ono.

"Wati kuti?"

"Ku Inyasoro, amayi."

"Malo onse a padziko lapansi atha?"

Filipo anakweza mutu. "Bambo anga anafera kumbuyo kwa boti ngati wantchito wa anthu. Ine ndikufuna ndikakhale pampando paja. Ndikufuna nanenso wina anditchule kuti bwana pamalo omwewo. N'kulakwa?"

Tonse tinkadikira chimphepo. Koma azakhali anangoti, "Ndipita nawo."

Filipo anayesa zonse. Anati ulendo ndi wautali, anati shuga wawo, anati m'galimoto mulibe malo. Iwo anatulutsa pasipoti yawo yopitira ku Chipata, n'kumuuza kuti akawasiya, asadzapondenso pakhomo pawo. Mapeto ake anavomera, koma anati akakhala kumtunda, m'boti sakwera. Ine ananditenga kuti ndiziwayang'anira ndi kuwapatsa mankhwala.

Tinadzera ku Dedza, Tete, Chimoio, n'kutsikira kumwera. Anzake a Filipo anali anthu abwinobwino, aulemu, ankawatchula kuti amama ndi kuwagulira madzi. M'njira ndinazindikira kuti sankadziwa chilichonse. Mmodzi anandinong'oneza kuti n'zomvetsa chisoni kuti bambo a Filipo anafa pa ngozi ya galimoto ku Joni. Ndinamuyang'ana Filipo pagalasi. Anakweza wailesi.

M'mawa wa tsiku lowedza tinawaperekeza anyamatawo kugombe. Azakhali anangokwinya chitenje, n'kulowa m'madzi mpaka m'maondo, n'kugwira m'mbali mwa boti. Woyendetsa boti anaseka, n'kuuza wantchito wake kuti awakweze. Filipo sakanawatsitsa anzake akuona. Nanenso ndinakwera. Anawaveka chijekete chija, ndipo mnzake wina anawajambula.

Nyanja imeneyo sindidzaiiwala. Mtunda unazimiririka, madzi anasanduka akuda bii, ndipo boti linkakwera ndi kutsika ngati likufuna kutitaya. Azakhali anasanza mpaka kutha mphamvu, koma anakana kugona. Anakhala pabokosi la ayezi atagwira chitsulo, maso ali pa wantchito uja. Anali bambo wachikulire wa imvi, wopyapyala, wopanda nsapato. Chinenero chake sitinkachimva, nayenso chathu sankachimva. Iye ndi amene ankakonza nyambo, kuponya zingwe, kutsuka masanzi, ndi kutsegulira mabwana mowa. Anyamatawo anaika nyimbo, akuseka, akujambulana.

Dzuwa lili pamutu, chingwe chimodzi chinalira. Woyendetsa anakuwa, Filipo anathamangira pampando, bambo uja anamumanga lamba. Patali nsomba inadumpha, yaitali kuposa munthu, ya mlomo wosongoka ngati mkondo. Ndivomereze, inali yokongola moopsa. Filipo analimbana nayo nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatuluka, anzake akumuchemerera. Nkhope yake inali ya mwana amene akudikira kuti wina amuuze kuti wakhoza. Kawiri konse anacheukira kwa mayi ake. Iwo sankamuyang'ana.

Nsomba itayandikira, bambo wa imvi uja anavala magolovesi, n'kuweramira kumadzi, n'kugwira waya. Anamukulunga padzanja. Anamukulunganso.

Zaka zonse zija azakhali ankangomva za kukulunga waya. Tsopano anaona ndi maso mmene zimachitikira. Sindikudziwa kumene anatenga mphamvu. Anadzuka pabokosi paja, n'kudutsa pakati pa anyamatawo, n'kumugwira bamboyo lamba wa kabudula ndi manja onse awiri, n'kukhala pansi mwamphamvu, mapazi atatsamira m'mbali mwa boti.

"Siyani! Siyani waya ameneyo! Muli ndi ana inu!"

"Amayi, chokani!" anakuwa Filipo ali pampando. "Musiyeni agwire ntchito yake! Rozina, achotse! Jambulani, jambulani!"

Bamboyo anayesa kuwerama kuti akoke, koma azakhali anamukokera m'mbuyo. Anatembenuka, n'kuwayang'ana mayi wachikulire ali pansi atamukakamira, akulira mokuwa m'chinenero chachilendo. Sindikudziwa chimene anaganiza. Anatambasula dzanja, waya anapululuka. Nsomba inagwedeza mutu, mbedza inachoka, ndipo inapita.

Filipo anamasula lamba. "Mwaona zimene mwachita? Ndinadziwa ine! Moyo wanga wonse, chilichonse chabwino chimene ndingagwire, inu mumachiwononga. Mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga!"

Azakhali anaimirira pogwira mwendo wa mpando. Sanamuyankhe iye. Anatembenukira kwa anzake.

"Ana inu, uyu anakuuzani kuti bambo ake anafa bwanji?"

Wina anazimitsa nyimbo.

"Bambo ake anali ngati awa," analoza bambo wa imvi uja. "Ankatsuka masanzi a anthu m'boti ngati lino. Anakokedwa ndi waya ngati ameneyu, pamadzi ano, kuti munthu wina ajambulitse. Ali pansi apa mpaka lero. Ndiye mwana wawo wabwera kudzakhala pampando, n'kumakuwa kuti jambulani." Apa m'pamene anamuyang'ana Filipo. "Manyazi ako ndi ine? Unawachotsa bambo ako m'madzi n'kukawagoneka pamsewu wa ku Joni kuti anzako asadziwe kuti anali wantchito. Bwana uja anawapha kamodzi. Iwe wawapha kachiwiri."

Filipo anakakhala kutsogolo kwa boti, atatifulatira.

Kenako azakhali analozera woyendetsa kuti azimitse injini, ndipo anazimitsa. Kunangotsala phokoso la madzi akumenya boti. Anagwira chitsulo cha m'mbali n'kuweramira kunyanja. Ndinkaganiza kuti apemphera, ndipo ndinayamba kuchita chizindikiro cha mtanda. Sanapemphere. Anayamba kuwakalipira amuna awo.

"A Sitefano! Ndabwera. Munkati mukupita kukathirira maluwa. Maluwa ake ndi amenewa? Munalibe pakamwa pouzira bwana wanu kuti simudziwa kusambira? Munkaopa chiyani, kuchotsedwa ntchito? Mukanabwera chimanjamanja ndikanakukalipirani sabata imodzi, n'kutha. Mwandisiya ndikulima ndekha, ndikulera ndekha, ndikukangana ndekha ndi abale anu. Taonani mwana wanuyo, ndalephera naye. Mukanakhalapo mwina akanamva kuseka m'nyumba muja."

Anapitiriza mpaka mawu anasasa. Anawauza za denga limene linasasuka ndi mphepo, za ng'ombe imene inafa, za mayi awo a aSitefano amene anamwalira akufunsabe ngati mwana wawo wafika. Mmodzi wa anzake a Filipo ankalira poyera. Bambo wa imvi uja anavula chipewa, ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Atamaliza, azakhali anapukuta kumaso ndi chitenje n'kunena kuti tizipita. Palibe anaponyanso mbedza tsiku limenelo.

Koma mawa lake m'mamawa ndinamva injini kugombe. Filipo anapitanso. Anzake anakana, anapita yekha ndi eni boti. Azakhali anaima pawindo n'kuliyang'ana botilo mpaka linabisika. Anangoti, "Mawa lake," n'kuyamba kulongedza.

Chimenechi n'chimene sindinamukhululukire Filipo, ndipo iwonso sanamukhululukire. Ulendo wonse wobwerera sanalankhulane. Pambuyo pake ankatumiza thumba la feteleza, iwo n'kulibweza pa minibasi yomweyo. Anatumiza amisiri kuti awamangire nyumba ya njerwa zowotcha, iwo anawathamangitsa ndi mpini wa khasu. Bambo anga anayesa kuwakhazika pansi. Azakhali anati mwanayo abwere yekha, adzanene pamaso pa abale kuti bambo ake anali ndani ndipo anafa bwanji, basi, palibenso china akufuna. Filipo anati iye si mwana woti azigwadira anthu pa nkhani yakale. Onse awiri anali ndi mutu umodzi. Nthawi zina ndimawakwiyira azakhali kuti akanafewako pang'ono, chifukwa mwana amene sanamvepo mawu okoma kwa mayi ake amakawafuna kwina. Koma ndikakumbukira kulira kwa injini m'mawa uja, mkwiyo wanga umabwerera kumene unachokera.

Chaka chatha azakhali anagwa m'munda akukumba mtedza. Sitiroko inawapha mbali imodzi n'kuwalanda mawu. Pa zonse zimene matenda akanatenga, anatenga pakamwa. Anagona m'chipatala ku boma masiku angapo, maso okha akuyaka, akukankha phala ndi dzanja lotsalalo. Filipo anabwera, n'kugwada pambali pa bedi.

"Amayi, ndabwera."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamugwira pamkono, n'kufinya mpaka zikhadabo zinalowa. Milomo inkagwedera koma palibe chinamveka. Filipo amauza anthu kuti pamenepo anamukhululukira. Ine ndinali mbali ina ya bedi ndipo ndinaona maso awo. Sindikudziwa. Mwina anamukhululukiradi, mwina ankafuna kumukalipira komaliza. Anamwalira mawa lake masana.

Anthu atabalalika Loweruka lija, ndinapita ndekha kunyumba kwawo. Chitseko chili ndi loko watsopano, ndipo makiyi ali ku Lilongwe. Udzu wamera mpaka pakhonde. Nkhokwe yapendekera kumodzi, chiswe chadya miyendo yake. Pakati pa bwalo, pamene ankasesa m'mawa uliwonse mpaka dothi kuwala, padutsa njira. Anthu opita kumjigo aona kuti kudzera pamenepo n'kwachidule, ndipo njirayo yapsa kale, ikudutsa pansi pa windo la kuchipinda kwawo. Ndili chiimire, panadutsa mnyamata pa njinga yamoto, kenako amayi awiri ndi zidebe, akuseka nkhani zawo. Mbuzi za eni ake zinali pakhonde zikubzikula. Ana atatu anali mumtengo wa mango akugwetsa zosapsa, kuluma kamodzi n'kutaya. Atandiona anaima, n'kuyang'ana kuchitseko, okonzeka kudumpha n'kuthawa. Anadikira pang'ono. M'nyumbamo simunatuluke mawu, ndipo anapitiriza kuthyola.